Nyimbo Yaiwisi ya Alamu Anga

Dzina langa ndine Maganizo, ndipo ndine amene ndimaimba ng'oma pagulu la chioda, gule wa amayi, kwathu ku Liwaladzi. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo inandikana, ndiye ndinagwira ng'oma. Amayi amenewa ndawaimbira zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma pazaka zonsezi sindikumbuka tsiku lomwe anandipatsa nyimbo yatsopano nthawi ikadalipo. Wochititsa ndi alamu anga a Dailesi, akazi a achimwene anga aakulu. Ndiwo amapeka nyimbo zathu zonse. Ndimawalemekeza kwambiri, koma amandipsetsa mtima kuposa mwera wouka tsiku lomwe ndakonza zolowa panyanja.

Nyimbo ikawafikira a Dailesi, amayamba kuimbira m'mphuno atatseka pakamwa. Amatero popalira chinangwa, potsuka mbale, ngakhale m'tchalitchi ulaliki ukatalika. Ukawafunsa amati ndi chimfine. Chifukwa chake aliyense amachidziwa. Nyimbo ikangoperekedwa kugulu madzulo, m'mawa mwake imakhala ili pa mjigo, ndipo yofika pa mjigo siibwereranso kwa mwini wake kuti aikonze. Kale anaperekapo ina isanakhwime, ili ndi mzere umodzi wopunduka. Anaukonza patangopita masiku atatu, koma mpaka lero ana a ku Benga amaimba wopunduka womwewo.

Ali ndi lamulo linanso, lomwe ine ndinkaliona ngati kudzivutitsa chabe. Nyimbo ikatchula dzina la munthu wamoyo, amayamba akamuimbira mwini dzinayo ali yekha, nyimboyo idakali yaiwisi. Amati munthu ukamupititsira nyimbo yomalizidwa, yosalala bwino, amachita manyazi kuikana. Amangoti zikomo, iwe n'kuchoka, iye n'kukalira kuseri kwa nkhokwe. Koma ukamupititsira yoti nayenso akuona kuti pano sipanaume, amalimba mtima n'kuikapo chala. Ine ndinkawauza kuti wopeka ndi wopeka, womvera ndi womvera, asamasokoneze maudindo. Ankandiyankha kuti ndizisamala chikopa cha ng'oma.

Chaka chatha mpunga utangokololedwa, kunamveka kuti Ibrahimu, amene amakonza mainjini a maboti pagombe pathu, akukwatira Sharifa wa ku Bua. Gulu lathu linaitanidwa kukavina anthu akachoka ku mzikiti. Sitikanakana, chifukwa amene analera Ibrahimu ndi a Nasra, omwe anavina nafe mpaka mawondo atayamba kuwavuta. A Nasra ndi a Dailesi ndi paubwenzi kuyambira ali atsikana otola nkhuni. Wina ndi Msilamu, wina ndi wa Angilikani, koma Idi amadyera limodzi, Khrisimasi chimodzimodzi. Achimwene amakonda kunena kuti akafuna kudziwa zomwe akazi awo akuganiza amakafunsa kwa a Nasra.

Nkhani ya a Nasra tonse tinkaidziwa, ndipo tonse tinkakhala ngati sitiidziwa. Anakwatiwa ndi malemu a Amiri n'kukhala zaka zisanu ndi zitatu popanda mwana. Abale a mwamuna atatopa kudikira, a Amiri anakwatira mkazi wachiwiri, Farida, mtsikana wa ku boma. Farida anabereka Ibrahimu chaka chotsatira, koma anadwala n'kumwalira mwana asanayambe kuyenda. A Nasra anatenga mwanayo n'kumuika kumsana. Amuna awo atamwaliranso, anamuphunzitsa sukulu okha ndi usipa woanika pathandala. Ibrahimu anakula akudziwa kuti anabadwa kwa mayi wina, poti pamudzi palibe chinsinsi, koma dzina la Farida palibe ankalitchula a Nasra ali pafupi. Tinkati n'kuwakumbutsa za mkazi amene anabwera kudzawalanda malo. Mawu akuti chumba nawonso tinkawameza. Tinkaona kuti ulemu ndi umenewo.

Ndiye a Dailesi anaganiza zopeka nyimbo yotamanda mnzawoyo patsiku la ukwati. Vuto linali lakuti sungatamande a Nasra osakhudza pachilonda. Kuti unene kukula kwa zimene anachita, uyenera kunena kuti mwanayo sanabereke okha, ndipo unene pamaso pa alendo a ku Bua, mwini wake atakhala kutsogolo. Kulakwitsa pang'ono, chitamando chikanasanduka chitonzo, ndipo ubwenzi wa zaka makumi anayi ukanathera pabwalo la ukwati ng'oma yanga ikulira.

Kutatsala masabata atatu ndinapita kukaifunsa nyimboyo. Anandiuza kuti sinapse. Kutatsala awiri ndinapitanso, anandiuza kuti ndikasoke maukonde anga. Ndinawakumbutsa kuti ng'oma si wailesi yoti ungotsegula, manja amafuna kuzolowera, nawonso amayi miyendo yawo si ya atsikana. Anangondiyang'ana n'kupitiriza kusenda chinangwa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kwa a Nasra sanapiteko ndi nyimboyo. Ndinkadziwa, chifukwa nyumba yanga ndi ya alamuwo zinayandikana ndipo mpanda wotilekanitsa ndi wa bango.

Mpanda womwewo ndiwo unandichimwitsa. M'mawa wina ndili kubafa ndinamva alamu akuimba chapansipansi, ulendo uno atatsegula pakamwa. Ndinangoima chilili sopo ali kumaso. Nyimboyo inkayambira pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtolo pachitunda, kenako n'kuima. Mawu sindinawamve bwino, koma kayendedwe kake kanandilowa m'manja. Tsiku lonse ndikusoka ukonde ndinkangogogoda m'mbali mwa bwato, ndipo madzulo ndinaiimba mluzu pakhonde osadziwa n'komwe. Mkazi wanga Liness khutu lake silitaya kanthu. Pofika Lachinayi nyimbo inali pa mjigo.

Nyimbo yopanda mawu siikhala maliseche nthawi yaitali. Amayi a pa mjigo anaiveka mawu awoawo, onena za bambo wina amene anagwera m'ngalande atakhuta kachasu. Ankaseka mpaka ndowa kusefukira. Nditamufunsa Liness chifukwa chake anandipereka chotero, anati iye anatola chomwe chinagwa pakhonde pake, wogwetsayo adzifunse yekha. A Dailesi anaimva okha akudutsa pa mjigopo pochokera kumunda.

Anandipeza pagombe ndili ndi ukonde pamiyendo. Sanakalipe, ndipo akanakalipa bwenzi zili bwino. Anakhala m'mphepete mwa bwato n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti nyimbo ya a Nasra tsopano ndi ya woledzera. Ndinapepesa, ndinapepesanso kachiwiri, koma ine pakamwa panga sipachedwa kutentha. Ndinawauza kuti madzi akatayika saoleka, komanso kuti nyimbo yosungidwa mwezi wathunthu kuseri kwa bango imatuluka yokha. Kenako ndinafunsa chimene chinkandivuta masiku onsewo.

"Alamu, lamulo lija ndi lanu lomwe. Bwanji simunapite nayo kwa amake Ibrahimu?"

Anayamba kukumba mchenga ndi chala cha kuphazi. Kenako anavomera kuti akuopa. Ine ndinali ndisanawamvepo a Dailesi akunena mawu amenewo, ngakhale chaka chomwe ng'ona inagwira mbuzi yawo iwo ali pomwepo akuchapa. Anati tsiku lililonse ankadziuza kuti aikonzeko kaye pang'ono apite mawa, ndipo mawa likafika ankapeza pena pokonza. Dzulo lake anali atapeza ndi mathero omwe, okoma, oti amayi akawaimba anthu aimirira pamipando.

Ndinasangalala. Ndinati ndiye basi yatha, tikaphunzitse gulu madzulo omwewo isanaonongeke ndi za kachasuzo.

"Vuto lake ndi limenelo," anatero. "Ndikuimaliza dala kuti Nasra asapeze polowera. Ndikaitseka, ndamutseka pakamwa."

Anadzuka n'kusansa mchenga pachitenje. Anati mathero aja awasiya pagombe pomwepo, sawaimbira munthu, ndipo ine ndikatenge ng'oma yaing'ono chifukwa tikupita kwa a Nasra nthawi yomweyo mantha asanabwerere. Ndinawapempha kuti andiimbireko ine ndekha matherowo, kamodzi kokha, ndisawauze ndi Liness yemwe. Anandifunsa ngati ndikufuna akawapeze pa mjigo Loweruka. Mpaka lero sindiwadziwa.

A Nasra tinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga wa ukwati. Matumba atatu anali atatsamira khoma, nkhuku zikuzungulira. Ndi mayi wamtali, wouma thupi, wosakonda mawu ambiri, ndipo akakuyang'ana umayamba kukumbukira zolakwa zako. Anatiyalira mphasa, tinalonjerana, anafunsa za achimwene ndi za Liness. Ataona ng'oma anaseka pang'ono n'kunena kuti ukwati ndi sabata yamawa, tafulumira.

A Dailesi anafotokoza mosazungulira. Anati apeka nyimbo yotchula dzina lawo, sinathe, ndipo ngati ili yoipa ifere pamphasa pomwepo, palibe adzaimve. A Nasra anangoti imba, n'kupitiriza kupeta.

Ndinayamba ng'oma chapansipansi, ndi zala zokha. Alamu anaimba:

*Nasra mimba inamukana,*
*koma nsalu zinathera kumsana.*
*Bwerani a ku Bua mudzaone,*
*mwana wa Nasra wakula.*

Anaibwereza kawiri n'kuima pomwe inathera, m'malere. Lichero linali litasiya kulira. Nkhuku imodzi inafika mpaka pamulu wa mpunga n'kuyamba kujompha, ndipo palibe anaiingitsa. Ine ndinkayang'ana chikopa cha ng'oma ngati ndikuchiona koyamba. Mumtima ndinkati taonani, tabwera kudzaliza mayi wa eni ake dzuwa likuswa mtengo.

A Dailesi anayamba kupepesa. Anati mzere woyambawo angathe kuuchotsa, angathe kunena mwa njira ina, kapena osatchula za mimba n'komwe. A Nasra anawadula.

"Za mimbazo ndani sadziwa? Ndine chumba ine, Dailesi. Zaka zonsezi mwakhala mukumeza mawu amenewa mpaka kukhosi kukutupani. Imbani, mwina mupumeko."

Ndinatsala pang'ono kuseka, mtima utatsika. Koma nkhope ya a Nasra sinamasuke. Anaika lichero pansi, anaingitsa nkhuku ija, kenako anafunsa kuti m'nyimbomo Farida ali pati.

Ine ndinali ndisanalimvepo dzina limenelo likutuluka m'kamwa mwa a Nasra, ndipo ndinachita kuyang'ana kumbuyo ngati pali wina wamva. Alamu anayankha mwachibwibwi kuti analisiya dala, poopa kuwawawitsa mtima patsiku lachisangalalo, poti aliyense akudziwa mmene Farida analowera m'nyumbamo.

"Mmene analowera mukudziwa. Nanga mmene anatulukira mukudziwa?"

Ndipo a Nasra, amene pachaka sayankhula mawu odzaza dengu, anayankhula mpaka mthunzi wa nyumba unasuntha. Anati n'zoona, chaka choyamba sankamulonjera Farida, ankamubisira ndi mchere womwe. Koma mtsikanayo sankadziwa kusunga chakukhosi. Ankangobwera kukhitchini kwawo kudzafunsa ichi ndi icho, mpaka iwo anatopa kudana naye. Atadwala, amene ankamusambitsa ndi kumutembenuza anali iwo, abale ake a ku boma akungobwera Lachisanu lokha. Tsiku lomaliza Farida anawaitana, anachotsa mwana pabere n'kuwaika m'manja. Anawapempha zinthu ziwiri: amusungire mwanayo, ndipo mwanayo asadzamuiwale.

"Kusunga ndasunga," anatero a Nasra. "Chachiwiricho ndalephera. Kuyambitsa ndekha ndinkaopa, ndinkati mwana angaganize kuti ndikumukana. Ndinkadikira kuti wina amutchule ndiyambire pamenepo. Palibe anamutchula, ngakhale iwe. Ndinkati mudzi wonse unamunyoza chifukwa anali wobwera. Ndiye lero ukaimbe kuti mwana wa Nasra, basi? Anachokera m'nyanja ngati usipa?"

A Dailesi analira. Ine ndinamva manyazi amene sindinawamvepo, chifukwa nanenso ndinali m'gulu la aulemu aja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tinkayenda monyang'ama kuzungulira mayi ameneyu, tikudziyesa achifundo, pamene iye ankangofuna munthu mmodzi woti atchule dzina la mnzake.

Chimene ndimawatamira alamu anga n'chakuti misozi isanaume anali atayamba kale ntchito. Nyimbo anaisenza mwezi wathunthu, koma sanaiteteze ngakhale ndi liwu limodzi. Ndikanakhala ine bwenzi ndikufotokozabe kuti cholinga changa chinali chabwino. Iwo anangofunsa kuti Farida alowe pati, koyambirira kapena kumapeto. Anayesa apa, a Nasra anapukusa mutu. Anayesa apo, dzina linakana kukhala bwino pang'oma, ndipo ine ndinanena kuti likufuna mpata wotalikirapo. Anandimvera, chinthu chosachitikachitika. Anasintha kayendedwe konse ka gawo lachiwiri, mwakuti za woledzera wa pa mjigo zija zinatsalira zokha m'mbuyo. Pamene a Nasra ankalowa m'nyumba kukaswali, kupemphera kwawo kwa masana, tinali ndi mizere iwiri yatsopano:

*Farida, komwe wagona tamvera,*
*mwana unasiya uja akukwatira.*

Apa m'pamene panafunika povomera. Pa chioda wotsogolera akaponya mawu gulu limayankha, ndipo nyimbo yopanda poyankha siyenda. Alamu anakonza mayankho atatu mwini nyumba akuswali. A Nasra atatuluka anawamvetsera onse n'kuwakana onse. Anati pamenepo pasiyidwe, pasaikidwe kanthu. Titafunsa kuti nanga amayi aziti chiyani, anati aziomba m'manja. Anatolanso lichero lawo, kutanthauza kuti tizipita.

Panjira ndinakangana nawo alamu. Ndinati inde, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma nyimbo ndi yanu, ndipo dzina lomwe lidzanyozeke ndi lanu ndi langa. Gulu la ku Bua lidzakhalapo, ndipo anthu aja amaseka ndi mano onse. Bwanji osabwezeretsa mathero okoma aja, kungowasintha pang'ono? Anandiyankha kuti anapita kukafunsa, ndipo munthu sufunsa kuti ukamve zomwe ukufuna. Ngati mwini wake wati pasiyidwe, pasiyidwa. Ine ntchito yanga inali kugunda kasanu ndi katatu pamalo opanda mawuwo, osathamanga, osachepetsa.

Gulu tinaliphunzitsa kutatsala masiku anayi. Titafika pa dzina la Farida amayi anayang'anana, wina anagwira pakamwa. A Dailesi anangoti amake Ibrahimu aimva, ndipo ndiwo alitchula dzinalo. Pamalo opanda mawu paja panavuta kwambiri. Miyendo inkasokonekera, ena ankayamba msanga, ena ankaima n'kumayang'ana ine ngati ndine ndaba mawuwo. Aliyense anali ndi ake ofuna kutsekapo, ndipo ena anali abwino ndithu. Alamu anawakana onse mofatsa, osafotokoza zambiri, chifukwa nawonso sankadziwa chomwe a Nasra ankaganiza. Ndinkawaona akuluma mlomo pamalopo, mayankho ali tho m'kamwa. Chodabwitsa n'chakuti ulendo uno nyimbo sinafike pa mjigo. Palibe anawaletsa amayiwo, dzinalo ndilo linkawalemera.

Loweruka ukwati unamangidwa ku mzikiti m'mawa, ndipo masana tonse tinasonkhana pansi pa mitengo ya mango kwa a Nasra. Anthu atadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, bwalo linatsegulidwa. Ibrahimu anakhala pampando atavala mkanjo woyera, Sharifa pambali pake atawerama monga amachitira akwatibwi. A Nasra anali pamphasa kutsogolo pakati pa amayi akuluakulu, atatambasula miyendo. A ku Bua anayamba kuvina, ndipo ndinene zoona, anavina bwino mpaka ndinawawidwa mtima. Ine ndinkawamba ng'oma pamoto wa udzu.

Tinayamba ndi nyimbo ziwiri zakale kuti miyendo itenthe. Kenako alamu anandiyang'ana, ine n'kutsitsa ng'oma. Mzere woyamba utangomveka, bwalo lonse linatembenukira kwa a Nasra. Ena a ku Bua ananong'onezana. Mwini wake anakhala chowongoka, osaphethira, manja ali pamiyendo. Pamene alamu anaponya dzina la Farida, ndinaona Ibrahimu akudzutsa mutu mwadzidzidzi ngati wina wamuitana kumbuyo.

Tinafika pamalo opanda mawu paja. Amayi anaomba m'manja, ine ndinagunda kasanu ndi katatu. Palibe chinachitika. Kumbali ya a ku Bua wina anaseka, akuganiza kuti taiwala nyimbo yathu yomwe. Alamu anaiyambanso. Tinafikanso pomwepo, manja okhaokha, ndipo oseka anali awiri kapena atatu. Thukuta linkandilowa m'maso. Ndinawayang'ana alamu mowachonderera kuti atseke ndi chilichonse, poti mayankho anali nawo. Sanandiyang'ane n'komwe. Anapuma mpweya n'kuiyamba kachitatu, pang'onopang'ono kuposa poyamba, dzina lawo la zaka zonse lili pamoto.

A Nasra anagwira phewa la mayi amene anakhala naye pafupi n'kudzuka. Anayenda ndi mawondo awo ovutawo mpaka pakati pa bwalo, amayi akuwapatukira. Sanavine. Anangoima, ndipo alamu atamaliza kunena kuti mwana unasiya uja akukwatira, iwo anayankha okha ndi mawu osasa, a munthu amene sanaimbe zaka zambiri:

*Ndakusungira, mnzanga, ndakusungira,*
*nayu, umuone wekha.*

Mawuwo anakwana ndendende pakugunda kwanga kasanu ndi katatu, osatsala, osapitirira. Oseka aja anakhala chete. Ulendo wachinayi amayi onse analowa osauzidwa, akuti wakusungira, wakusungira, ndipo a ku Bua nawo anayamba kuvomera. Nthungululu zinamveka mbali zonse. A Dailesi anasiya kutsogolera, anabwerera mumzere n'kumavomera limodzi ndi anzawo misozi ikutsika. Ine ndinawanyadira alamu anga tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo mawu omwe anthu ankalirira sanali awo.

Ibrahimu anadzuka. Mkwati sachoka pampando ankhoswe asananene, koma palibe anamugwira. Anadutsa pakati pa ovina n'kugwada pafumbi patsogolo pa a Nasra. Ndinatsitsa ng'oma mpaka kutsala zala zokha, ndipo poti anali pafupi ndi ine, ndinamva zonse.

"Amayi, ndinkaopa kukufunsani. Ndinkati mungaganize kuti simunandikwanire. Anali wotani?"

A Nasra anamugwira kumutu, chisoti n'kupendekeka.

"Anali wamfupi, woseka msanga, ndipo mpunga ankapsereza tsiku lililonse. Dzuka, ukudetsa mkanjo. Ubwere mawa ndi mkazi wako, zilipo zambiri."